Dzina la Martina

Ngokwe,
2 Novembala, 1976

Okondedwa azakhali,

Ndikhulupirira muli bwino ku Balakako. Kuno tikusosa m'minda, koma amayi mwendo ukuwavutabe.

Dzulo akatekisiti amalemba mayina a omwalira oti tiwapempherere pa Misa. Amayi anandituma kukalembetsa mlongo wanga Martina. Ndinangofika pakhomo la tchalitchi n'kubwerera. Papita zaka zinayi Martina chiwolokereni nyanja ya Chiuta pothawa ofunsa makadi a chipani aja. Mtembo wake sitinauone, kalata sitinalandire.

Tsiku lomwe Martina anabwera kudzabisala kwanga, amayi amaganiza kuti ndinali kumunda. Azakhali, ndinali m'nyumba. Anagogoda katatu, akunditchula dzina.

Amayi ndawauza kuti ndalembetsa. Mundipempherere, koma musawauze.

Ine mwana wanu,
Fabiano