Mikwingwirima ya pa mkono wanga

Achemwali anga okondedwa,

Landirani moni wanga. Kaya muli bwanji kumeneko, inu ndi alamu ndi ana? Bondo la amayi lija likuwalola kuyenda? Ine ndilipo, koma osati kwenikweni. Kalatayi muwerenge mutakhala pansi, ana ali kunja.

Pepani kuti ndakhala chete miyezi iwiri yathunthu. Ndikadali mu wodi yomwe ija ya odwala khansa ndi matenda a magazi. Mabedi alipo makumi awiri ndi anayi, anamwino timayenera kukhala asanu ndi mmodzi, koma masiku ambiri timapezeka anayi. Manja anga akhakhala chifukwa cha kusamba pafupipafupi, pakuti odwala athuwa ngakhale chimfine wamba chikhoza kuwatenga. Ndikaweruka ndimagona m'basi, ndipo sabata yatha ndinapitirira siteji yanga mpaka dalaivala anachita kundidzutsa kumapeto kwa msewu.

Pa bedi la pawindo pali bambo wina wachikulire amene tonse timangomuti a Telala. Ali ndi khansa ya m'magazi, tsitsi lonse linathothoka ndi mankhwala, koma pakamwa pokha mpomwe sipadwala. Tsiku lililonse amandinyoza kuti amene anasoka yunifolomu yanga anasokera mumdima. Ndimawakonda, ngakhale amatopetsa.

Lachiwiri lapitalo ndikuwaika dilipu, anandigwira dzanja n'kuyang'anitsitsa mkono wanga. Anafunsa za mikwingwirima imene inali pamenepo. Ndinaseka, n'kuwauza kuti ndi zitsulo za mabedi, namwino aliyense amagundika nazo potembenuza odwala. Iwo sanaseke. Anati nawonso ananamizira makina osokera miyezi itatu. Kenaka anafunsa ngati nkhama zanga zimatuluka magazi ndikamatsuka mkamwa, ndiponso ngati ndimapumira panjira pokwera masitepe. Mafunso amenewo ndi omwe ine ndimafunsa anthu tsiku ndi tsiku.

Basi anapinda mkono wawo n'kukanitsitsa kuti sindiwabaya mpaka nditayezetsa magazi anga. Ndinakwiya, achemwali, chifukwa odwala ena asanu ankandidikira. Phokoso lathu linaitana asisita oyang'anira wodi. Iwo atangoona mkonowo anandikhazika pampando wa odwala n'kunditenga magazi okha, osandifunsa n'komwe.

Zotsatira zinabwera masana omwewo. Adokotala asanatsegule pakamwa ndinali nditaona kale manambala papepala, ndipo manambala otero ndimawadziwa bwino. Mawa lake anandiboola fupa la m'chiuno kuti atsimikize. Nthenda ya a Telala ija ndi yomwe ndili nayo. Akuluakulu sananame, chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Chimene chikundichititsa manyazi n'chakuti zizindikiro zonse ndinaziona kalekale, koma kutopa ndinkati ndi ntchito, kuwonda ndinkati ndi kudya choimirira.

Lolemba ndiyamba mankhwala. Andipatsa kachipinda kakumapeto kwa wodi yathu yomwe, kamene ndayalamo bedi kosawerengeka. Anzanga ayamba kale kundilankhula ndi mawu ofewa aja timalankhulira odwala, ndipo zikundinyansa. Ndikuopa. Zonse zimene zikubwera ndikuzidziwa: kusanza, zilonda za mkamwa, kutentha thupi, tsitsi pa pilo. Koma koposa mantha ndangotopa, moti nkhani yoti ndigona masabata angapo osadzukira ntchito inayamba yandikomera.

Tsopano pempho langa ndi ili. Adokotala akuti mankhwala okha mwina saithetsa nthendayi. Pambuyo pake ndidzafunika kuikidwa mafuta a m'mafupa a munthu wina, ndipo amene angafanane nane msanga ndi wobadwa nane bere limodzi, bambo mmodzi. Ndiye kuti inu ndi achimwene, palibenso wina. Mwayi woti mbale mmodzi afanane nane ndi umodzi pa inayi, choncho mukufunika nonse awiri.

M'envelopu yaikuluyi muli timitengo tokhala ndi thonje kunsonga, tanu ndi ta achimwene. Mukhale ola limodzi osadya kanthu, mupukute nato mkati mwa tsaya, mutibwezere m'timapaketi take, mulembe bwino mwini wake, n'kutumiza pa keyala yalembedwa kaleyo. Palibe singano, palibe magazi. Wina akapezeka wofanana nane, zotsatira ndidzafotokoza bwino. Alamu muwatsimikizire kuti munthu sadulidwa fupa ndipo zimene wapereka thupi limabwezeretsa lokha.

Za inu sindikukayika. Chimene chikundilemera ndi achimwene. Mukudziwa kuti chimwalirireni bambo sitinalankhulane. Anandinena pa anthu kuti ndimasambitsa makolo a eni pamene bambo anga anafa opanda wowatembenuza. Ine ndinawayankha zoipa kuposa pamenepo, n'kulumbira kuti sindidzawapemphanso kanthu ngakhale madzi akumwa. Zaka zinayi zapita. Mawu awo aja sanali abodza onse, n'chifukwa chake anandipweteka. Kuntchito anandikaniza tchuthi, inde, komanso ine sindinalimbikire kupempha.

Musawaimbire foni, mupite nokha ku galaja kwawoko nthawi ya nkhomaliro, pamene anzawo atuluka. Musawalalikire za chibale, mukuwadziwa mmene amaumira mutu akaona kuti akukankhidwa. Mungowauza mmene zilili. Akakana musalimbane nawo, thupi ndi lawo. Koma muwauze kuti si inu mwaganiza zimenezi. Ndine ndapempha, ndi pakamwa pomwe paja ndinalumbirira.

Amayi musawauze kaye mpaka nditamaliza chigawo choyamba cha mankhwala. Ndidzawauza ndekha, mawu anga akadzakhala ndi mphamvu.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa alamu, kwa azakhali ndi amalume, ndi kwa ana onse. Wamkuluyo mumuuze kuti za unamwino akufunazo tidzakambirana ndikadzapeza bwino. Akazi a achimwene ndi ana awo muwapatsenso moni. Achimwenewo muwapatse moni wanga poyamba, envelopu isanatuluke m'chikwama, kuti ngakhale akane zinazo, moniwo akhale atalandira.

Tsalani bwino, dzanja latopa.

Ndine mng'ono wanu,
Chitsirizira wa amayi