Bambo Asamunyamule M'khwapa

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino, inu ndi bambo. Bondo lija likukusautsanibe pokwera chitunda cha kutchalitchi? Ife kuno ku Edmonton tili moyo, kuzizira kokha ndiko kwatiumitsa mphuno.

Pa foni simundipatsa mpata, ndiye ndati ndilembe. Mdzukulu wanu Bridie watuluka m'chipatala, mtima wake ausoka bwinobwino.

Mukukumbuka mmene ankayamwira? Kungokoka pang'ono, thukuta kamukamu, wefuwefu, kenako tulo. Ine ndinkati watengera ulesi wa achimwene a Fintan, amene amatopa akangoona fosholo. Mpongozi wanu Noreen anandiyang'ana ndi diso lake lija, ati mwana wake si waulesi, waulesi ndi amene akuzengereza kuliza galimoto kupita kwa dokotala. Ndinailiza.

Dokotala atamvetsera pachifuwa anati mukumveka kaphokoso. Anamuunika ndi makina n'kutisonyeza bowo pakhoma la pakati pa zipinda ziwiri za mtima. Ati magazi ankangobwerera kumapapo, mwana n'kumagwira ntchito ya anthu awiri ali chigonere. Ine pa kanemapo ndinkangoona chifunga ngati cha padoko kwathu ku Newfoundland, koma ndinagwedeza mutu ngati wanzeru.

Anayamba ndi mankhwala ndi mkaka wonenepetsa, koma bowo silinatsekeke lokha. Tsiku la opaleshoni kunabwera dokotala wina, mayi wamfupi, timanja ngati ta mwana wa sukulu, ati ndiye woika chigamba. Pakamwa panga mukupadziwa. Ndinamufunsa ngati chigambacho sichidzamatuka mwana akamakula, poti ine maukonde ndasokapo, khalidwe la zigamba ndikulidziwa. Noreen anandiponda phazi. Mayiyo anangoseka, ati mnofu umamera pamwamba pake, mtima si ukonde wa nsomba. Atatuluka n'kunena kuti zayenda bwino, ndinalira mokuwa mpaka mlonda anandibweretsera madzi.

Tsopano Bridie akuyamwa ngati watumidwa. Masaya ayamba kutuluka.

Pempho langa ndi ili. Mwati mukubwera pa Khirisimasi, ndipo bambo ndikuwadziwa. Mdzukulu aliyense amamugwira m'khwapa n'kumukweza mpaka mutu ugunde denga, ati kuti asadzaope mafunde. Mwana wa mlongo wanga Sheila ali ndi kachulu pamutu mpaka lero. Ndiye imvani: kuti afike pamtima anadula fupa la pachifuwa n'kulimanga ndi waya. Lisanagwirane, kumunyamula m'khwapa n'koletsedwa, chifukwa likhoza kusuntha. Timachita kumutapa, dzanja lina kuthako, lina kumutu. Ine namwino anandiphunzitsa ndi chidole, koma chidolecho ndinachigwetsa. Kunyumba Noreen sanandikhulupirirenso: anandipatsa nkhukundembo ya mufiriji kuti ndiziyendayenda nayo pabalaza mpaka zala zinachita dzanzi.

Ndinayesa kuwauza bambo pa foni. Ati iwo akweza adzukulu onse popanda wofa, ndipo madokotala a kumtunda nyanja aidziwira kuti? Chonde amayi, munthu amene amamumvera padziko pano ndinu nokha. Aphunzitseni ndi thumba la ufa. Akachita makani, auzeni kuti Noreen wati mwanayo adzamuonera pawindo, ndipo Noreen sadziwa nthabwala.

Koma musangowaopseza. Auzeninso kuti chipsera chawo cha opaleshoni ya mtima chija, chimene amavulira malaya aliyense, ngakhale abambo mfumu pa ukwati wa Sheila, chapeza mnzake. Cha Bridie chili pamalo omwewo, kutalika ngati chala changa. Tsiku lonse la opaleshoni ya Bridie ndili pabenchi ndinkaganiza za iwo. Ndinkati ngati mtima wa nkhalamba yamakani ija unapirira mpeni, wa mdzukulu wake upiriranso. Mpando ndawakonzera kale. Adzakhale pansi, avule malaya mmene amakondera, ife tidzamuika mwana pachifuwa pawo. Denga lidikire, silithawa.

Moni kwa azakhali a Philomena, kwa mlongo wanga Sheila ndi alamu, ndi ana onse. Achimwene a Fintan muwauze kuti mlandu ndawachotsera: ulesi uja sanapatsire munthu, ndi wawo okha.

Ndine mwana wanu wokusowani,
Dermot