Juzi Yanga Yakale

Lolemba, 3 Juni

Kuzizira kwake lero, mayo! Mtsikana watsopano uja wa m’kalasi mwathu amukhazika pazenera losweka, poti palibe akufuna kukhala naye. Anathawa nkhondo kwawo. Iye ndi amayi ake akudikira kuti boma liwalole kukhala kuno. Tsabola, mnzanga wa kuyambira tili ana, akuti, “Obwerawa ngakuba, gwirani zikwama.” Ndinaseka nawo. Kaya ndimasekeranji.

Lachitatu, 5 Juni

Ndamupatsa juzi yanga yakale kuseri kwa zimbudzi, mobisa. Amayi paja anati, “Za anthu amenewo usalowerere, wamva?” Anaivala pomwepo, manja a juziyo akuchita kuperewera. Anaseka! Kani amaseka.

Lachisanu, 7 Juni

Zavuta. Amayi amasokerera kamtanda ka ulusi wofiira mkati mwa kolala ya chovala changa chilichonse, kuopa kusokonezeka pachingwe choyanikira. Ine ndinaiwaliratu. Popita kumasewero tinaunjika majuzi pakhonde, Tsabola n’kukaona kamtandako pa juzi imene anavula mtsikana uja. Kukuwa kwake! “Wakuba! Si ndinanena ine?”

Aphunzitsi anandifunsa, “Juziyi ndi yako?” Ndinati inde. “Inasowa liti?” Ine maso padesiki, pakamwa gwa. Tsabola atandigwira paphewa, ati kundilimbitsa mtima. Mtsikanayo anangondiyang’ana mpaka anamutengera ku ofesi.

Loweruka, 8 Juni

Sindinatuluke m’chipinda. Palibe woti ndimuuze.

Lamlungu, 9 Juni

Ndinafunsa achimwene mozungulira, ngati nkhani ya wina. Akuti munthu wopempha malo akangolembedwa kuti ndi wakuba, pempho lake likhoza kukanidwa, n’kumubweza komwe anathawako. Chifukwa cha juzi yobowoka pachigongono! Iwo anapitiriza kupolisha nsapato. Ine ndikuopa amayi, ndikuopa Tsabola, ndipo ndikudzinyansa.

Lolemba, 10 Juni

Ndinagogoda kwa ahedi belu lisanalire. Ndanena: juziyo ndinamupatsa ndekha. Anavula magalasi. “Nanga Lachisanu pakamwa panali patapita kuti?” Mlandu aufufuta. Aimbira amayi anga.

Ndikulowa m’kalasi, Tsabola anali atasamutsa kale chikwama chake padesiki yathu. Podutsa anangoti, “Wandiyalutsa.” Kunyumba amayi akundiyankha ndi mutu basi.

Lachiwiri, 11 Juni

Pa buleki anzanga onse anaunjikana kumbali, ine ndekha pamasitepe. Ndinati bola mtsikana uja abwera tikhale awiri. Anabweradi, ali ndi malaya okha, milomo itauma ndi mphepo. Ndinasendera kuti akhale.

Sanakhale. Anati, “Zikomo ponena zoona. Amayi anga sanagone chiyambire Lachisanu.” Ndinayamba kupepesa, iye anapukusa mutu.

“Chonde, usadzandipatsenso kanthu.”

Anabwerera m’kalasi, kukakhala pazenera paja. Ine ndinatsala pamasitepe mpaka belu.