Pulayasi ya Alamu Anu

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Area 25 tili bwino, ndipo chifuwa cha amayi chinatha. Koma ine mtima ukundiwawa.

Kompyuta yoziziritsa ndi madzi ija ndinailumikiza Loweruka. Zomangira mapaipi zonse ndinazimanga ndi zala monga munandilangizira. Nditapita kukagula madzi ake, alamu anu anatenga pulayasi n'kuzilimbitsanso chimodzichimodzi. Nditabwerako ndinathira madzi n'kuyatsa pampu, ndipo kathanki kosungira madziwo kanayamba kuchucha. Anali atakang'alula pakamwa.

Nditawafunsa, anati, "Paipi simangidwa ndi zala, mayi a Tadala. Zinthu zanuzi n'zosalimba." Ngakhale pepani sananene. Chikhala kuti ndinayatsa kompyuta yonse, bwenzi zonse zitapsa. Pano vidiyo ya ukwati wa anthu a ku Biwi, yomwe ndimayenera kuikonza pa kompyutayi, yangoima, eni ake akundiimbira tsiku lililonse, ndipo wochita manyazi ndi ine.

Chonde nditumizireni kathanki kena pa basi. Komanso muwaimbire alamu anuwo muwauze nokha, chifukwa zikachokera pakamwa panga amati ndi zachibwana.

Mulungu akusungeni pamodzi ndi ana.

Ndine mlongo wanu,
Chisomo