Injini Yanu Ipita ku Mbenji

Chikombe, Salima
9 Epulo 2025

Okondedwa achimwene a Fletcher,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno tikudzuka, kungoti amayi mwendo uja ukuwavutabe.

Mwafunsa kawiri za injini ya boti munatigulira ija, ine n'kumakuyankhani za mvula. Lero ndinene. Alamu anu, bambo a Mayankho, anaigulitsa kwa a Mohamed, asodzi anzawo, mu Januwale.

Zinayamba ndi ndalama za pafoni zija amati kiripito. Mnzawo wa kutauni anawaphunzitsa kuti zilipo mitundu iwiri. Ina amachita kukumba ndi makina odya magetsi, ilibe mwini, koma ndi yodula. Inayo imayendetsedwa ndi kampani ndipo ndi yotchipa ngati bonya. Alamu anu mukuwadziwa, chotchipa sachilambalala. Anatenga yachiwiriyo.

Kenaka boma lina lakunja linakhwimitsa malamulo, misika ikuluikulu n'kusiya kugulitsa ndalama ya kampaniyo. Mitengo yonse inagwa. Ine ndinati tichotse zotsalazo, iwo n'kundiseka, amvekere: "Mayi a Mayankho, mwana wa msodzi inu simukuona? Akatseka usodzi pachilumba cha Mbenji mu Disembala nsomba zimaswana, potsegula utaka mbwee. Awanso atseka kuti ziswane." Ndiye poti nyengo yotseka boti limangokhala, anagulitsa injini n'kugula ndalama za pafoni zina zambiri.

Yokumba ija inadzukadi, akuti chifukwa boma lilibe khomo loti likagogode. Yathuyi ili ndi ofesi ndi mabwana, ndipo ndi amenewo anagwidwa pakhosi. Mpaka lero ili gone. Ndinawafunsa alamu anu kuti kumeneko amatsegula mwezi wanji. Otseka Mbenji timawadziwa, timakumana nawo pamaliro, ndipo tsiku lotsegula amalengeza. Awa sadziwa n'komwe kuti kunja kuno kuli Salima.

Achimwene, ndakwiya mpaka mkwiyo watha, chatsala ndi mantha. Boti lalikulu lija silingafike kuchilumba ndi nkhafi, pomwe nsomba za kumeneko ndi zimene zimatidyetsa chaka chonse. Sindikupempha injini ina ayi, ndikudziwa mmene munavutikira kuti mupeze ijayi. Ndikungopempha kuti amayi musawauze. Akuganiza kuti ili kwa amakaniko.

Perekani moni kwa alamu a Jenifer ndi ana. Mayankho akuti amalume abwere adzawakweze boti. Alamu anunso akupereka moni, ngakhale sakudziwa zimene ndalembazi, ndipo foni ija amaiyang'anabe m'mawa uliwonse.

Mbenji atsegula Loweruka. Mukamva kuti alamu anu apita nawo, musasangalale. Apita ngati waganyu pa boti la a Mohamed, ndipo injini yowapititsa kumeneko ndi yanu ija.

Ndine mlongo wanu,
Alinafe