Manda a mu Nambala Naini

Lolemba, 5 Ogasiti 1991

Chiperoni tsiku lachitatu. Phiri silikuoneka, bondo likuwawa. Kompyuta ija yafika ku ofesi ya esiteti. Aikhazika pa tebulo langa lojambulira mapu, inki ndi zolembera zanga azikankhira pawindo ngati katundu wa malemu.

Bwana Chester, oyang'anira minda, akuti likulu ku Blantyre silikufunanso mapu apamanja. Akufuna a munda wa Nambala Naini otuluka m'makina mwezi uno usanathe, poti tiyi wakale wa m'menemo azulidwa, adzale wina. Zaka 28 ndikujambula minda imeneyi. Lero akuti Lenard Namakhwa ayambe sukulu, imvi zili mbuu.

Kagalasi koonerapo kangofanana ndi buku la nyimbo. Mahekitala 40 alowamo bwanji?

Ndipo Nambala Naini si munda wamba. Pakona yakumtsinje ndi pamene pali manda athu. Amayi, amalume, onse amene anaoloka Ruo kudzagwira thangata. Chiliza palibe ngakhale chimodzi, mitengo yokha ndi mbale zosweka. Chowatchinjiriza ndi mapu anga basi: malo oyera, m'kati mwake timitengo 37, kamtengo kamodzi munthu mmodzi. Mabwana abwera napita, palibe anafunsapo chifukwa chake sindiphonya chiwerengerocho.

Lachinayi, 8 Ogasiti

Pulogalamu yojambulira imene yabwera ndi makinawa ndi ya mainjiniya. Buku lake kukula ngati Baibulo la paguwa. Kuti ulembe mzere umodzi uyambe wataipa manambala. Masiku atatu, mzere umodzi, nawonso wathawira kunja kwa galasi sunabwerenso.

Marjory wotaipa makalata waseka mpaka misozi. “Agogo, mausiyo si khasu, igwireni monyengerera.” Mwana wopanda chisoni. Koma wandiphikira tiyi.

Maso akuwotcha.

Loweruka, 10 Ogasiti

Panjinga mpaka kuboma kukafunsa ngati ilipo pulogalamu ina yosavuta. Kusekondale alibe makina. Kalaliki wina pa ofesi ina wandiyang'ana ngati ndikupempha mankhwala a usiku. Pamsika wa Chitakale anyamata a chipani andiimitsa za khadi, n'kufunsanso kuti chibuku chachizunguchi n'cha chiyani. Ndati werengani, mukamva mundiuzeko. Atembenuza masamba awiri, andibwezera.

Mwayi, ndakumana ndi a Salehe, aja a ku Limbe okonza makina otaipira. Akuti yosavuta ilipo koma ndi imene ana a mabwana amaseweretsa. Ndati ndipatseni ya anayo, manyazi ndinawasiya kalekale.

Lachisanu, 16 Ogasiti

A Salehe afika mochedwa ndi masiku atatu, kadisiki atakakulunga m'mpango. Makina akana. Akuti imeneyo imafuna galasi la mitundu, lathuli ndi lakuda ndi loyera. Abwereranso.

Bwana Chester adutsa kawiri pakhomo akusuzumira. Mnyamata wabwino, koma Blantyre amaiopa kuposa Mulungu.

Lachiwiri, 20 Ogasiti

Pulogalamu yachiwiri ya a Salehe yalola. Pensulo, chofufutira, ndi kandowa ka penti. Zitatu basi. Ukatseka malo ndi mzere n'kugunda ndi kandowako, monsemo mumadzaza timadontho nthawi yomweyo. Ntchito imene ndinkakhalira masiku awiri ndi nsonga ya cholembera. Ndaseka ndekha ngati chitsiru. Ndikuvomera, ndakondwa.

Vuto ndi kuchepa kwa galasi. Ukaona kumtunda kwa munda, kumtsinje kwabisala. Kumangokankha mapu uku ndi uku ngati ukusuzumira m'nyumba ya eni pa kabowo ka kiyi.

Timitengo ta kumanda takanika. Dzanja silinazolowere mausi, kamtengo kakutuluka ngati bowa wopondedwa. Amayi sindingawajambule chonchi. Ndangozunguliza mzere, m'kati ndasiya moyera. Timitengoto ndidzaika ndi inki mapu akatuluka papepala.

Lachisanu, 30 Ogasiti

Tsiku lomaliza. Magetsi azima kawiri. Galimoto yamakalata imadikira panja, dalaivala akuliza hutala. Ndathira timadontho ta tiyi ndi kandowa ndili kumtunda kwa munda, pulinta yatulutsa mapepala anayi, Marjory wamata, ine ndasaina, bwana asaina. Zapita.

Ndakumbukira za timitengo ndili panjinga. Palibe kanthu, malo oyerawo alipo, ndipo mawu akuti manda ali pa mapu akale. M'maganizo ndagona kale, mawa Loweruka sindidzuka masana onse.

Lolemba, 16 Seputembala

Kalata yochokera ku Blantyre. Kuyamikira. Akuti makina apeza hekitala ina ndi theka mu Nambala Naini imene mapu akale ankataya. Bwana Chester andigwira chanza pamaso pa anthu.

Hekitala ndi theka. Ndinadziwa ndisanafike pa tebulo.

Ndayatsa, ndakankhira mapu kumtsinje. Timadontho tokhatokha. Mzere wozungulira manda uja sunakumane bwino, panatsala kampata kochepa ngati njere ya mapira, penti inalowera pamenepo ine ndikuyang'ana kumtunda. Ndi mzere womwe unamira m'madontho. Anthu 37 ndawadzala tiyi pamutu ndi chala chimodzi.

Sindinadye.

Lachitatu, 18 Seputembala

Ndawauza bwana. Ndayala mapu akale pambali pa atsopano. Ayang'ana onse awiri, kenako atseka chitseko.

Akuti mbande aitanitsa kale, katapila yozula tiyi iyamba ntchito pa 30. Akuti kulemba kalata ndiye kuulula kuti anasaina osayang'ana. Mawu amene andikhala pamtima ndi awa: “A Namakhwa, pali mwala wolembedwa dzina ngakhale umodzi? Ku Blantyre amakhulupirira pepala.” Ndati pepalalo ndalemba ndine, ndipo lanama. Ati masiku ano munthu wosonkhanitsa anthu kuti akane chitukuko amapatsidwa dzina lina, ndisamale.

Sanakalipe. Bola akanakalipa.

Madzulo ndakonza mzere uja m'makina. Mphindi imodzi. Makina alibe nazo kanthu, ukalakwa ndi ukakonza nkhope yake ndi yomweyo. Koma pepala lili ku Blantyre.

Lamulungu, 22 Seputembala

Kwa achemwali a Lines tikutuluka m'tchalitchi. Nyemba za kalongonda ndi chinangwa. Mphekesera yafika kale kudzera kwa akapitawo. Iwo akutukwana azungu a ku Blantyre, akutukwana bwana Chester ndi mtundu wawo wonse. Kenako: “Bola tili ndi achimwene mu ofesimo. Amayi ankati dzanja la Lenadi silinama.”

Ndatafuna kalongonda mpaka watha kukoma. Sindinanene. Ndine wamantha, ndilembe pano poti palibe awerenge.

Lachisanu, 27 Seputembala

Andituma kukakhoma zikhomo zofiira zosonyeza malire, poti woyendetsa katapila satsata pepala, amatsata zikhomo. Ndi ntchito yanga chiyambire. Mapu atsopano m'thumba, akale m'mutu.

Ndayamba kumtunda, bwinobwino monga mwa pepala. Nditafika kumtsinje miyendo yakhota yokha. Ndazunguliza manda onse, chikhomo chilichonse mapazi khumi, ndipo pomaliza ndabwerera kukaona ngati zakumana. Kampata sindinasiye.

Bonface woyendetsa katapila anali pamenepo akuthira mafuta. Wayang'ana zikhomo, wayang'ana ine. Akuti iye chofiira sadumpha, koma wina akazula si mlandu wake.

Kuchoka apo kwa a Lines. Ndanena zonse, kandowa, kampata, hutala, dzina langa pansi pa pepala. Amasenda nandolo. Sanaleke kusenda. Ndadikira kuti anditukwane, sanatero. Atamaliza anyamula lichero, alowa m'nyumba, atseka.

Zaka 56, ndalira panjinga ngati mwana.

Lolemba, 30 Seputembala

Ku ofesi sindinapite. Makiyi a kabati ndatumiza kwa Marjory. Ndikulemba ndili kumanda, buku pabondo. Nsapato ndavula polowa monga mwa mwambo.

Ndapeza a Lines afika kale ndi tsache, okha. Sanaitane munthu, akuti asapezere wina aliyense mlandu. Asesa kwa amayi, asesa kwa amalume. Kenako asesa pena pambali pa amayi, pansi pa mtengo wa mbawa, pamene palibe manda. Sanandipatse moni. Angoloza ndi tsache: “Apa tinasungira iwe. Khalapo, aone kuti pali mwini.”

Ndakhalapo. Dothi lozizira.

Phiri lero likuoneka lonse. Katapila yafika pa zikhomo, Bonface wazimitsa injini, wavula chipewa. Kumtunda kwaima galimoto. Bwana Chester atsika, pepala langa lili m'manja. Akuyenda pang'onopang'ono. Afika pa chikhomo choyamba, aima, akuyang'ana nsapato zanga pamene ndazisiya.

Awerama. Kaya ndi chikhomo akufuna, kaya zingwe za nsapato zawo, kuchokera pano sindikuona bwino.