Ndiwauze bwanji apongozi kuti mkaka wa ng'ombe yawo umadwalitsa mdzukulu?

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka 27, mphunzitsi pasukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Nsaru. Ndili pabanja ndipo tili ndi mwana mmodzi, Kalebu, yemwe akukwanitsa miyezi isanu ndi umodzi mwezi uno. Ndinene poyambirira pomwe pano kuti sindikudzadandaula za apongozi ovuta ayi. Anzanga akamadya miseche ya apongozi awo, ine ndimasowa chothirirapo, chifukwa anga ndi munthu wabwino mochititsa manyazi. Ubwino wawowo ndi umene wandipanikiza pakona.

Apongozi anga aakazi, aNambewe, ndi mlimi wa ng'ombe ya mkaka. Ali nayo imodzi, dzina lake Nyenyezi. Amaimwetera okha nsenjere kudambo, amaitsuka bere ndi madzi ofunda asanakame, kenako mkaka amakausiya panjinga kugulu la alimi anzawo. M'khola mwawo mukhoza kuyala mphasa n'kukhala. Apongozi aamuna atamwalira, mayi wake wa Nyenyeziyo ndiye adaphunzitsa mwamuna wanga, Aubrey, mpaka kukoleji. Ndiye pakhomo pamenepo mkaka sautchula mwachibwana.

Nditangochira, adalamula kuti lita imodzi tsiku lililonse ndi yanga, kuti mawere adzadze. Ndidaumwa ndithu, mu tiyi, m'phala, wina n'kuusandutsa chambiko. Ine ndidanenepa, koma Kalebu atakwana miyezi iwiri adayamba kuvutika. Masaya adatuluka ziwengo, akangoyamwa ankalira akudzipindapinda, n'kusanza. Tsiku lina ndidaona timagazi m'thewera. Tidapita kuchipatala katatu. Tidasintha sopo, tidasintha mafuta odzola, koma osathandiza. Ulendo wachitatu adokotala adandifunsa zomwe ine ndimadya. Nditawawerengera, adandiuza kuti ndisiye mkaka wa ng'ombe kwa mwezi wathunthu koma ndipitirize kuyamwitsa. Pasanathe masabata atatu mwana adasalala. Mwezi utatha adati ndiyeserenso, ndipo nditamwa tiyi wa mkaka masiku awiri okha, zonse zidabwerera. Adalemba m'kabuku ka Kalebu ka kuchipatala kuti thupi lake siliyanjana ndi mkaka wa ng'ombe.

Aphungu, kulakwa kwanga kudayamba tsiku lomwe adandiletsa koyambalo. Mu minibasi monse ndinkakonza mawu okawauza apongozi. Nditafika ndidawapeza atakhala pakhonde langa, thukuta lili kamukamu, botolo atalikulunga m'kansalu konyowa kuti mkaka usatenthe. Adati, "Amake Kalebu, Nyenyezi ndamuwonjezera madeya. Mwina mwanayu akulira njala." Ndidagwada, ndidalandira ndi manja awiri, n'kunena kuti zikomo amayi.

Kuyambira pamenepo papita miyezi itatu. Botolo limabwera m'mawa uliwonse, ine n'kulandira, iwo akangokhota ine n'kudutsa nalo kuseri kwa mpanda kukapatsa neba wanga, mayi Prisca. Ana awo pano akuwala ngati a bwana.

Choipa kwambiri n'chakuti apongozi akukhulupirira kuti mkakawo ndi umene wachiritsa mwana. Lamulungu lapitali titatuluka m'tchalitchi adamunyamula n'kumazungulira naye kwa amayi anzawo a Chigwirizano. "Taonani masayawa! Ziwengo zija zili kuti kodi? Imeneyi ndi ntchito ya Nyenyezi." Amayi aja adaseka, ine n'kumasekerera nawo.

Ndidayesapo kulankhula mozungulira. Ndidati, "Amayi, kusikelo akuti ana ena mkaka wa ng'ombe umawatulutsa ziwengo." Iwo adandiyankha mosavutika n'komwe. "Umenewo ndi wa m'zitini wa anthu a m'tauni. Wa Nyenyezi ndimauwiritsa kawiri, eti?" Ndidavomera kuti eya.

Aubrey amagwira ntchito ku Kasungu, amabwera kumathero a mwezi. Nkhaniyi akuidziwa yonse. Ndikamuuza kuti awauze mayi ake, amati, "Tiwauza ndikabweranso." Akabwera amakhala nawo pakhonde, n'kumayamikira ng'ombe, mpaka tsiku lobwerera kukwana. Nthawi ina adandiuza kuti, "Iwe ndiwe mphunzitsi, umadziwa kusanja mawu." Ndidakwiya, koma ndikumumvetsa, pakuti iye ndi mwana wa mkaka umenewu.

Tsopano sukulu ikutsegulidwa masabata awiri akubwerawa, ndipo tidagwirizana kale kuti Kalebu azitsala ndi agogo akewo mpaka ndikaweruke. Akonzeka kuposa ine. Agula kakapu ka zogwirira ziwiri ndi kasupuni, ndipo dzana adandiuza kuti, "Phala lake loyamba ndidzaphika ndine, lothira mkaka wa m'mawa womwewo." Adokotala adandichenjeza kuti ngati wodzera m'bere mwanga udamuvuta chonchija, woumwa mwachindunji ukhoza kumuvuta koposa.

Ndimawakonda mayi amenewa, Aphungu. Mayi anga ondibereka ali kutali, ndipo amene adandisambitsira mwana masiku oyamba ndi iwowa. Ndiwauze bwanji kuti mphatso yawo imadwalitsa mdzukulu wawo, komanso kuti ndakhala ndikuwanamiza miyezi itatu? Kapena ndingofuna wantchito woti azitsala ndi mwana, nkhaniyi ifere pomwepo?

P.K.,
Nsaru.

Mwana wanga P.K.,

Kalata yanu yandiseketsa pa ana a mayi Prisca, koma pa kasupuni paja kuseka kudatha. Ndikuuzani mosapsatira. Apongozi anu si ouma mutu. Iwo akuwerenga zomwe akuona: amabweretsa mkaka, inu mumalandira, mwana wachira. Ngakhale ine ndikadaganiza chimodzimodzi. "Zikomo amayi" wanu wa m'mawa uliwonse ndiye wawaphunzitsa kuti mkakawo ndi mankhwala. Ulemu mudauchita, koma waposa muyeso.

Za wantchito ziiwaleni. Agogo okonda mdzukulu chonchi sangaletsedwe ndi wantchito. Adzabwera ndithu inu muli m'kalasi, botolo lili kumanja, ndipo palibe wantchito angawakanize. Kuwonjezera apo mudzawasweranso mtima pachabe, chifukwa adzaganiza kuti mwawaona uve.

Muwauze sabata ino, osati tsiku loti mawa mukuyamba ntchito. Muimbireni Aubrey abwere Loweruka likubwerali, asadikire kutha kwa mwezi. Mumuuze kuti Aphungu akuti zengerezu adalinda kwawukwawu. Mayiwo ndi ake, mwanayo ndi wake, ndipo bodzali mwalisenza awiri. Pakamwa poyamba pakhale pake. Mupite kwa apongoziwo akamaliza kukama ndi kupereka mkaka, mtima uli m'malo, pasakhale mlendo aliyense. Tengani kabuku ka kuchipatala kaja.

Muyambe ndi kupepesa, osati kuphunzitsa. Uphunzitsi muusiye pageti la sukulu. "Amayi, takulakwirani, tidaopa kukukhumudwitsani ndiye tidakubisirani." Za mayi Prisca muzinene nokha tsiku lomwelo. Nkhani zotere sizichedwa kufika pamjigo, ndipo akadzaimva kwa wina idzawapweteka kawiri. Akakwiya, asiyeni akwiye. Akalira, musathamangire kubweza mawu kuti mwina pang'ono pokha palibe vuto. Pamenepo m'pamene anthu aulemu ngati inu mumagwera.

Kenako muwalankhule ngati mlimi, poti ndi mlimi wodziwa ntchito yake. Afunseni zomwe amachita ndi mkaka Nyenyezi akabayidwa jakisoni. Akuyankhani okha kuti kwa masiku angapo saupititsa kugulu, ngakhale ukuoneka woyera bwinobwino, chifukwa zomwe zalowa m'thupi la ng'ombe zimatsikira m'bere. Akatero mwafika. Zomwe inu mwadya nazonso zimatsikira kwa Kalebu. Muwatsimikizire kuti Nyenyezi alibe mlandu, ndipo ukhondo wawo palibe akuukayikira. Kuwiritsa kumapha tizilombo, koma mwanayu sakulimbana ndi tizilombo. Thupi lake likukana mkaka weniweniwo, ndipo ngakhale atauwiritsa kakhumi umakhalabe mkaka.

Pamenepa mumange mfundo zolimba, chifukwa achikulire athu ndi akatswiri opeza njira yam'mbali. Chambiko ndi mkaka. Yogati ndi mkaka. Wa ufa wothira mu tiyi ndi mkaka. Wa mbuzi nawo musauyese, ana ambiri okana wa ng'ombe amaukananso. Masikono, mabisiketi ndi majarini ena amakhala ndi mkaka mkati, choncho chilichonse cha m'paketi muziyamba mwawerenga, ndipo chopanda zolemba mwana asachilawe. Mawu akuti "tingomulawitsa kuti azolowere" asamveke pakhomopo.

Tsiku la sikelo likubwerali mupite nawo. Afunse okha mafunso awo, amve kuchokera kwa a chipatala, kuti lamuloli lisaoneke ngati la mpongozi wophunzira. Muli komweko mufunse za soya musanayambe kumuthira m'phala, poti ana ena otere soya nayenso amawavuta. Mufunsenso za inuyo. Mwasiya mkaka koma mukuyamwitsa, ndiye usipa wodya ndi minga yomwe, nyemba ndi masamba obiriwira zisamasowe m'mbale mwanu.

Chachikulu tsopano ndi ichi: musawalande mkaka n'kuwasiya manja lende. Mayi amenewa chikondi chawo chimayenda ndi ntchito. Phala loyamba lija aphike ndithu iwowo, monga adanenera. Likhale la mgaiwa wosefa bwino, lothira kadontho ka mafuta ophikira. Pakapita masiku awonjezere china, kaya peyala, nthochi yokanya, usipa wosinja, dzira lopsa bwino kapena nsinjiro, koma chatsopano chizilowa chimodzi, m'mawa, n'kudikira masiku atatu kuti muone ngati thupi lachilandira. Munthu amene amadziwa kusintha chakudya cha ng'ombe pang'onopang'ono zimenezi sizingamuvute. Muwagulire kapoto katsopano ka Kalebu yekha, pakuti mapoto awo onse adawiritsapo mkaka, ndipo akachoka kukhola asambe m'manja ndi sopo asanamunyamule.

Kakapu kaja nakonso kali ndi ntchito. M'mawa musananyamuke muziyamwitsa, kenako muzifinyira mkaka wanu m'kapu yotsuka bwino ya chivindikiro. Auike pozizira, pamthunzi, amumwetse m'maola anayi oyambirira, ndipo umenewu asauwiritse. Yambani kuyeserera mawa lomwe, inu muli pomwepo, kuti mwana azolowere kapu ndipo manja anu azolowere kufinya. Za kafinyidwe musachite nazo manyazi pamaso pawo. Pankhani imeneyo mphunzitsi ndi iwowo.

Muwauzenso zizindikiro zoopsa, mubwereze mpaka aziloweze: milomo kapena zikope kutupa, ziwengo zobuka thupi lonse mwadzidzidzi, kusanza kosalekeza, kupuma mobanika, kulefuka. Akaona chimodzi mwa zimenezi asadikire kuti muweruke, asayambe ndi mankhwala a pakhomo. Athamange naye kuchipatala, foni aimbe ali m'njira. Nambala ya wanjinga yamoto wodalirika ikhale m'foni mwawo, ndipo kabuku kaja kazikhala m'chikwama cha matewera.

Pali mawu amodzi otonthoza omwe mungawapatse popanda kunama. Ana ambiri otere amadzayamba kuyanjana ndi mkaka akamakula, ena asanayambe n'komwe sukulu. Koma tsiku loyesera adzalitchula ndi adokotala, osati agogo, osati Aubrey, osatinso inu pofuna kusangalatsa munthu.

Ndikudziwa kuti mukuopa nkhope yawo pa Loweruka limenelo. Idzagwa ndithu, mwina masiku angapo moni adzakhala wamfupi. Zimenezo zimapola. Koma taganizirani mukapitiriza kukhala chete. Amene adzatenthetse mkakawo ndi iwo, amene adzauzire kasupuni kuti kazizire ndi iwo, akumuimbira nyimbo mdzukulu wawo. Mwanayo akadzayamba kubanika, adzakhala ali pamiyendo pawo, ali okha, osadziwa chomwe chachitika. Akadzamva kuti inu ndi Aubrey munkadziwa, mwina adzakukhululukirani, poti ndi munthu wabwino. Koma iwo eni sadzadzikhululukira mpaka kumanda. Musawasenzetse katundu ameneyo mayi amene sadakulakwireni kanthu. Pitani mukawauze.

Aphungu